Mukufuna kuyamba manja awiri pa bowling? Funsani kaye msana ndi miyendo

Funso limene ife ophunzitsa bowling tatopa nalo masiku ano ndi lomweli: kochi, ndisiye kuponya ndi dzanja limodzi ndiyambe ya manja awiri ija? Ambiri ofunsawo amakhala kuti aonera Jason Belmonte, katswiri woponya ndi manja awiri, pa YouTube, aona mpira ukupita ngati ukukagwera mungalande kenako mwadzidzidzi n'kukhota kukasasantha mapini onse 10, nde mtima dyokodyoko. Ine sindiyankha eya kapena ayi. Ndimayamba ndafunsa zaka zawo, ngati msana kapena bondo limavuta, komanso kuti ma spare, kutanthauza kugwetsa mapini otsala ndi mpira wachiwiri, amatola bwanji, ndipo anthu amadabwa kuti nanga za msana zalowa bwanji pa nkhani ya manja. Zalowa chifukwa pa kaponyedwe kameneka manja amangosunga mpira, chintchito chonse chimagwera miyendo, chiuno ndi msana.

Tiyambe ndi chimene chimachitika kwenikweni. Mpira wa bowling nthawi zambiri umakhala ndi mabowo atatu, awiri a zala, chapakati ndi chovala mphete chija, ndi limodzi la chala chachikulu. Woponya ndi dzanja limodzi amalowetsa zonse zitatu ndipo chala chachikulu ndi chimene chimagwira mpira kuti usapulumuke mkono ukamapita kumbuyo. Poponya, chachikulucho chimayenera kutuluka choyamba, zala ziwiri zija n'kutsalira kanthawi kochepetsetsa, ndipo kanthawi kameneko ndi kamene kamazunguza mpira. Wa manja awiri chala chachikulu salowetsa. Mpira umakhala pachikhatho, zala ziwiri m'mabowo, dzanja linalo lagwirizira kutsogolo, ndiye kuti dzanja lachiwirilo langotenga ntchito ya chala chachikulu basi. Silikankha mpira ayi, limachoka mpira usanatuluke, moti mutaimitsa video pa nthawi yeniyeni yotulutsa mpirayo mupeza kuti dzanja lili limodzi lokha.

Phindu lake n'loti palibe chala choti chikodwe, ndipo dzanja limakhala pansi pa mpira mpaka kumapeto, nde mpira umazungulira kwambiri. Akatswiri a manja awiri amafika ma rev 500 mpaka 600, kutanthauza maulendo amene mpira umazungulira pa mphindi, pamene woponya wamba wa muligi, wa dzanja limodzi, nthawi zambiri safika n'komwe 350.

Nanga kuzungulirako kuli ndi ntchito yanji? Kuchokera pamzere woponyera kukafika pa pini yoyamba pali mafiti 60, amene ndi mamita 18 ndi pang'ono, ndipo lane, njira imene mpira umayendamo, ili ndi timatabwa 39 m'lifupi mwake. Chimene obwera kudzangosangalala Loweruka sadziwa n'choti pa lane pamathiridwa oilo, cha m'ma fiti 40 oyambirira, mbali yotsalayo n'kukhala youma. Mpira umatsetsereka pa oilopo ukuzungulira, ukafika pouma umagwira pansi n'kukhota. Wa dzanja lamanja amafuna mpira ulowe pakati pa pini 1 ndi 3, wamanzere pakati pa 1 ndi 2, pamene timati pa pocket, ndipo ukalowa chopingasa, cha m'ma digiri 6 malinga ndi kafukufuku wa bungwe la USBC la ku America, mwayi wa strike, kugwetsa mapini onse ndi mpira woyamba, umakula kwambiri. Mpira wolunjika umati ukagunda pini yoyamba umapatuka, ndiye mudzaona pini 5 yaima pakati ikukuyang'anani ngakhale munaponya bwinobwino. Wokhota uja umaboola mpaka mkati, ndipo ngakhale mwaphonya pang'ono mapini amagwetsana okhaokha. Zimenezi n'zoona, sindikutsutsa.

Koma tiyeni tione anthu amene mukuwasirirawo. Belmonte kwawo ndi ku Orange, New South Wales, ku Australia, makolo ake anali ndi malo a bowling ndipo anayamba kugubuduza mpira ali ndi miyezi 18, ndi manja awiri chifukwa mpirawo unkamulemera. Sanasinthe kuchoka kwina kupita kwina ayi, anakula nako, ndipo pofika mu 2023 anali ndi zikho zikuluzikulu 15 za PBA, bungwe la akatswiri a bowling la ku America, palibe wina anafikapo pamenepo. Osku Palermaa wa ku Finland naye ndi wa gulu loyambirira lomwelo. Mu 2016 Anthony Simonsen anawina USBC Masters ali ndi zaka 19, chaka chomwecho Jesper Svensson wa ku Sweden anawina Tournament of Champions ali ndi zaka 20, ndipo Kyle Troup anakhala wosewera wapamwamba wa PBA mu 2021. Ambiri mwa amenewa thupi linazolowera ali ana. Inuyo wa zaka 35, amene mwakhala mukuponya ndi dzanja limodzi kwa zaka zingapo, mumakhala pampando muofesi tsiku lonse, nkhani yanu ndi ina.

Vuto loyamba limene aliyense wosintha amakumana nalo ndi spidi. Mukamaponya ndi dzanja limodzi mkono umapita kumbuyo momasuka, ena mpaka mpira kudutsa phewa, kenako kulemera kwa mpirawo ndi kumene kumaubweretsa kutsogolo ndi liwiro, inu simuvutika kwenikweni. Tsopano gwirani mpira ndi manja awiri muyese kuupititsa kumbuyo. Simufika patali, dzanja lachiwiri lija likukokani. Ndiye spidi imene inkachokera ku mkono yapita, pamene ma rev achuluka, ndipo mpira wozungulira kwambiri koma woyenda pang'onopang'ono umakhota msanga, usanafike n'komwe kumene umafunika, n'kukagunda pini 1 pamphumi kapena kudutsiratu kupita kumanzere. Apa ndi pamene anthu amayamba kukoka mpira ndi mapewa kuti uthamange, zimene zimangoonongeratu chilichonse.

Spidiyo iyenera kuchokera kumiyendo. N'chifukwa chake mukaonetsetsa a manja awiri mudzaona kuti chakumapeto kwa masitepe awo pali kakudumpha kenakake, ngati akutsimphina, asanatsetsereke. Si sitayilo imeneyo. Popeza mpira suchedwa kumbuyo, miyendo iyenera kufulumira kuti ifikire limodzi ndi mpira pamzere, ndipo kakudumphako ndi kamene kamapereka liwiro. Kuphunzitsa munthu wamkulu kakudumpha kameneka ndi gawo lovuta kuposa onse, chifukwa miyendo yake inaloweza kale masitepe anayi kapena asanu oyenda modekha, nde akangoganiza za manja miyendo imabwerera ku zakale, akaganiza za miyendo mpira umagwa.

Chachiwiri ndi kuwerama. Kuti manja onse akhale pa mpira ukupita kumbuyo muyenera kuwerama kwambiri, thupi n'kupendekera mbali ya mpira, mapewa n'kutembenuka, kenako zonsezo zibwerere mwachangu pamene mwendo umodzi ukutsetsereka ndipo mwanyamula makilogalamu 6 kapena 7. Amene analimapo tsiku lonse ndi khasu la mpini waufupi akudziwa pamene pamawawa madzulo, ndi pomwepo. Ngati chiuno chanu n'chouma, msana wam'munsi ndi umene umalipira, komanso bondo la mwendo wotsetserekawo. Munthu amene dokotala anamuuzapo kale za vuto la msana ine sindimuyambitsa zimenezi asanakaonanenso ndi dokotalayo kapena a fizo, ndipo amene ali bwinobwino ndimamuuza kuti masewera olimbitsa pamimba ndi ofewetsa chiuno ndi mbali ya bowling yake tsopano, afune asafune.

Za mpira. Apa anthu amataya ndalama zambiri mosafunikira. Kuyambira pa 1 Ogasiti 2020 lamulo la USBC likuti bowo lililonse limene lili pa mpira liyenera kukhala ndi chala poponya, ndiye ngati chala chachikulu simulowetsa, bowo lakelo liyenera kutsekedwa, apo ayi mpirawo ndi wosaloledwa pa mpikisano. Amene muli ku Joni kapena ku UK maligi anu ali ndi mabungwe awo, funsani a ligi musanalembetse. Kutseka bowo ku pro shop, shopu yoboola mipira, si ntchito yaikulu. Koma pali chinanso: mpira wa reactive, wopangidwa kuti uzikhota, mkati mwake muli chinthu cholemera chosalingana mbali zonse chimene timati core, ndipo woboola amaika mabowo molingana ndi mmene dzanja lanu limazunguzira mpira. Mukasintha kaponyedwe, malo amene mpira umazungulirirapo amasinthanso, ndipo miyezi yoyambirira amangosinthasintha chifukwa dzanja silinakhazikike. Nde kugula mpira watsopano wodula sabata yoyamba n'kuubooletsa ndi kuononga ndalama. Tsekani bowo pa wakale, phunzirirani pamenepo, dzanja likakhazikika mukayezetse kenako mugule. Ndipo ngati munkaponya wa mapaundi 15 kapena 16 (malire ndi 16), palibe manyazi kutsika pang'ono poyamba.

Mipira ya pashelefu imene mumangotola mukalipira geti ija ndi ya pulasitiki, mabowo ake ndi aakulu, ndipo siikhota kwenikweni. Mutha kuyeserapo kuti mumve mmene thupi likumvera, koma musaweruzire pamenepo.

Tsopano tifike pa ma spare, pamene pamagwera anthu ambiri osintha. Ndikupatseni masamu. Munthu amene akugwetsa mapini 9 ndi mpira woyamba mu frame iliyonse mwa zigawo khumi za gemu n'kumatola yotsalayo amamaliza ndi 190, popanda strike ngakhale imodzi. Yemweyo akamaphonya yotsalayo amamaliza ndi 90. Pini imodzi yokhayokhayo, kusiyana kwake 100. Nde wa manja awiri wa kumanja mdani wake ndi pini 10, imene ili pakona penipeni m'mphepete mwa ngalande, chifukwa mpira wake umati ukayandikira umakhota n'kuithawa. Ndaona anyamata akumenya ma strike anayi motsatizana anthu n'kumakuwa, gemu n'kutha ndi 160 chifukwa cha ma 10 ophonya, pamene gogo wa pa lane yoyandikana amene mpira wake sukhota n'komwe wapeza 185 mwakachetechete.

Mankhwala ake ndi mpira wachiwiri wa pulasitiki, kuima kumanzere kwenikweni n'kuponya chodutsa lane. Ena amaphunzira kuwongola dzanja n'kuponyabe ndi manja awiri, ena amasunga kaponyedwe kawo kakale ka dzanja limodzi pa ma spare okha, ndi mpira umene uli ndi bowo la chala chachikulu. Kwa munthu amene wachoka ku dzanja limodzi ine ndimakonda njira yachiwiriyi, chifukwa luso limenelo muli nalo kale, mulitayirenji? Malamulo a USBC amalola, bola dzanja lotulutsa mpira likhale lomwelo. Chimene saloleza ndi kusinthira ku dzanja lamanzere pakati pa mpikisano.

Muyeneranso kuphunzira lane mwatsopano. Munkaima chakumanja n'kulunjika muvi wachiwiri mwa mivi yojambulidwa pa lane, pano muziima pakati kapena kumanzere n'kuponyera mpira kunja kuti ubwerere, ndipo oilo akamatha gemu ikupita muzisunthirabe kumanzere, msanga kuposa kale chifukwa mpira wanu womwewo ndi umene ukupukuta oiloyo. Maso amatenga nthawi kuti akhulupirire kuti mpira wopita kungalande ubwerera.

Ndani amene ndimamuuza kuti sintha? Mwana amene mpira ukumulemera, ameneyo musamuletse n'komwe. Wachinyamata wa thupi lofewa amene sanazolowere kwambiri kaponyedwe kena. Munthu amene chala chachikulu chimamuzunza, chimatupa, matuza osatha, mpira kumakanirira, ameneyo amapeza mpumulo weniweni. Koma amene avereji yake ili cha m'ma 190 kapena 200 ndipo amalunjika bwino, ndimamufunsa kawiri. Walter Ray Williams Jr. ali ndi zikho 47 za PBA, zochuluka kuposa aliyense, ndipo anazipeza ndi mpira wosakhota kwambiri koma wopita pamene waufuna. EJ Tackett amaponya ndi dzanja limodzi, chala chachikulu mkati, ma rev ake ndi oopsa, ndipo anakhala wosewera wapamwamba wa PBA mu 2023 ndi 2024 a manja awiri onsewo ali pompo. Nthawi zina chimene munthu akufunika ndi kukonza bowo la chala chachikulu kuti chizituluka msanga, basi, ma rev n'kukwera.

Ngati mwatsimikiza, musayambe ndi kuthamanga. Imani pamzere, mwendo wotsetsereka kutsogolo, weramani, gubuduzani mpira popanda sitepe ndi imodzi yomwe, cholinga n'choti mumve dzanja lothandizira likuchoka ndipo zala ziwiri zikutsalira pansi pa mpira, chigongono chili pafupi ndi thupi. Zikayamba kutheka onjezerani sitepe imodzi, kenako atatu omaliza ndi kakudumpha kaja, masitepe onse abwere pamapeto. Mapini musawayang'ane, sikoo muiiwale kaye. Ikani foni kumbuyo ndi m'mbali mudzijambule, chifukwa chimene mukuganiza kuti thupi likuchita ndi chimene likuchitadi zimasiyana kutali, makamaka dzanja lachiwirilo limene limakonda kuba n'kumathandiza kupotoza mpira. Kutopa kwa minofu n'kwabwinobwino, koma ululu wobaya kumsana kapena wotsikira kumwendo ukabwera siyani tsiku limenelo.

Sikoo idzatsika, ndipo kwa ambiri imatsika kwa miyezi osati masabata. Pachifukwa chimenechi musasinthe ligi ili mkati anzanu a timu akudalira avereji yanu, dikirani sizoni ithe, ndipo mukayamba musamabwerere ku dzanja limodzi pa mpira woyamba gemu ikangovuta, miyendo singaloweze mayendedwe awiri nthawi imodzi.