Pulaima Ikakana Kulowa, Musakakamize Makina

Anthu odzaza okha zipolopolo kuno ku America amandifunsa kawirikawiri chifukwa chimene makina awo akudumphira mapulaima (tizitsulo ting'onoting'ono tolowa kumbuyo kwa chipolopolo, timene timayatsa wonga), kuwagadabuza kapena kuwaphwanya, ndipo chimene chimanditopetsa n'chakuti ambiri amafunsa atakakamiza kale chogwirira, ngati kuti vuto linali kuchepa kwa mphamvu ya dzanja. Pulaima inapangidwa kuti iphulike ikamenyedwa, ndipo m'chubu cha makina a kampani ya Dillon kapena Hornady mumalowa mapulaima 100 osanjikizana. Dzanja likamva kulimba kwachilendo, imani pomwepo.

Nthawi zambiri vuto limakhala litsiro chabe. Phulusa la mapulaima akale ndi timibulu ta wonga zimagwera m'njira ya kachitsulo kotsetsereka kamene kamanyamula pulaima, kachitsuloko n'kumalephera kubwerera mpaka kumapeto. Pukutani njirayo ndi kansalu konyowetsa ndi sipiliti ndipo musathiremo mafuta, chifukwa amamata fumbi. Pa makina a Dillon RL550 onaninso kansonga ka pulasitiki kunsi kwa chubu, kamene kamapindika munthu akamanga chotsekera chapamwamba mopitirira muyezo. Tebulo logwedera nalonso limagadabuza mapulaima.

Koma vuto limene limapweteketsa anthu limachokera ku zigoba za zipolopolo, zimene zili ndi bowo lolowamo pulaima. Pulaima yaying'ono ndi ya mainchi 0.175 m'mimba mwake, yaikulu ndi ya mainchi 0.210, ndipo masiku ano zigoba za zipolopolo za mtundu wa .45 ACP zimapezeka za mabowo a mitundu yonse iwiri, pomwe kale pafupifupi zonse zinali za bowo lalikulu. Amene amatola zigoba ku bwalo lowomberako mfuti osazisankha, tsiku lina adzakankhira pulaima yaikulu pa bowo laling'ono. Zigoba za asilikali, monga za mtundu wa 5.56 za ku fakitale ya zipolopolo ya Lake City, zili ndi mkombero wopanikizidwa pakamwa pa bowo, umene uyenera kuchotsedwa kaye pulaima yatsopano isanalowe.

Sindimaiwala bambo wina wachikulire, wosamala kwambiri poyeza wonga, amene mapulaima anamukakamira pakati pa chubu. Anaganiza zowasuntha ndi waya wachitsulo, nkhope ili pamwamba pa chubucho, magalasi otchinjiriza maso ali m'thumba. Onse anaphulika nthawi imodzi. Paipi yachitsulo yokuta chubu inagwira ntchito yake n'kulozetsa moto kumwamba, koma kumwambako n'kumene kunali diso lake. Chimandiwawa kwambiri n'chakuti makinawo anali atayamba kale kukakamira kwa milungu ingapo, iye n'kumangozengereza. Mkati mwa chubu mumatsalira fumbi lachikasu la mankhwala ophulika, limene limachuluka pang'onopang'ono ngati simukutsukamo.

Chenjeraninso ndi akatswiri odziika okha a pa YouTube amene amalangiza kugogoda chubu, kupala zitsulo ndi tupa, ngakhale kuchotsa paipi yotchinjirizayo kuti muziona bwino m'kati. Kampani ya Lee inachenjeza kwa zaka zambiri kuti m'zida zake zina musamagwiritsidwe ntchito mapulaima a kampani ya Federal, koma alangizi amenewa machenjezo otere sawatchula n'komwe. Chubu chikapindika kapena chikakakamira mosatheka kutulutsa mapulaima mwa kungochipendeketsa modekha, musayese kuchiwongola. Funsani kampani imene inapanga makinawo njira yochitayira bwino, itanitsani china, ndipo makinawo akhale osagwira ntchito mpaka chatsopanocho chifike.