Nkhafi yopachika pakhoma

Opalasa bwato pampikisano amalandira zikho ndi mamendulo ngati anzawo a masewero ena. Koma mukalowa m'nyumba ya munthu amene anapalasapo ku yunivesite ya Oxford kapena ya Cambridge ku England, chimene angakukokereni padzanja kuti mukachione ndi nkhafi yakale yopachikidwa pakhoma, yolembedwa mayina.

Kuti mumvetse ulemu wa nkhafiyo, yambani mwaudziwa mtsinje. Cam wa ku Cambridge ndi wopapatiza, chimodzimodzinso chigawo cha Thames chimene ku Oxford amachitcha Isis. Mabwato ambiri sangathamange mbali ndi mbali. N'chifukwa chake kuyambira mu 1815 ku Oxford, ndi mu 1827 ku Cambridge, mabwato a makoleji amandandalikidwa mondondozana, n'kusiya mpata wa pafupifupi bwato limodzi ndi theka pakati pawo. Kamzinga kakalira onse amanyamukira pamodzi, aliyense kuthamangitsa wapatsogolo pake mpaka amugunde. Mpikisanowu amautcha bumps. Mukagunda, mawa lake mumasinthana malo ndi amene mwawagundawo.

Zimenezi zimachitika masiku anayi, ndipo gulu limene lagunda tsiku lililonse osaphonya ndilo limapata nkhafi. Kumapeto kwake kotambalala amapakako utoto wa koleji yawo, n'kulembapo ndi zilembo zagolide mayina a opalasa onse asanu ndi atatu, kulemera kwa aliyense, chaka, komanso mabwato amene anawagunda. Nthawi zambiri amapezera nkhafi zamatabwa zimene zinapuma ntchito, poti zamakono n'zodula ndipo zikufunikabe pamadzi. Wowongolera bwato, amene amakhala kumbuyo n'kumakuwa, mwamwambo amalandira chiwongolero cholembedwa chimodzimodzi.

Apa pali chinthu chimene owonera ambiri sachidziwa: mphamvu zokha sizibweretsa nkhafi. Bwato la patsogolo panu likafulumira kugunda linzake, onse awiri amapatukira m'mbali, inu n'kutsala mukupalasa madzi opanda munthu. Ku Cambridge amakonda kunena kuti gulu laluso limakwera malo atatu, lamwayi limakwera anayi. Ine ndimaona kuti kulemekezeka kwa nkhafiyi kwagona pomwepo, chifukwa akatswiri ambiri anamaliza sukulu osaigwirako. Amene agundidwa masiku onse anayi nawonso samanidwa mphatso: yawo ndi supuni yamtengo, tinene kuti chipande, ya chipongwe.

Gulu limene lamaliza lili patsogolo pa onse limatchedwa Head of the River, ndipo makoleji ena amakondwerera poyatsa bwato lakale lamatabwa pabwalo usiku. Msodzi wa ku Nkhata Bay atamva zowotcha bwato dala angangogwira pakamwa.

Mwambo wofala padziko lonse ndi woponya wowongolera m'madzi gulu likapambana. Anzake amamugwira manja ndi miyendo, kumuyendetsa uku ndi uku, kenako phava! Ndiye wopepuka pagulupo, komanso wakhala akuwalamula miyezi yonse ya maphunziro, choncho ndi tsiku lobweza. Mu 2024, pa mpikisano wotchuka wa Oxford ndi Cambridge wa makilomita 6.8 kuchokera ku Putney kukafika ku Mortlake, opalasa analangizidwa kuti asalowe m'madzi chifukwa mu Thames munapezeka tizilombo ta E. coli tochuluka.

Ku makoleji a ku America amabetcherana malaya. Ogonja amavula malaya a timu yawo n'kuwapereka pamanja kwa amene amakhala pampando wofanana ndi wawo m'bwato lopambana.

Koma mphoto yakale kwambiri ndi chovala. Mu 1715 Thomas Doggett, wochita zisudzo wochokera ku Ireland, anayambitsa mpikisano wa anyamata owolotsa anthu pa Thames amene angomaliza kumene kuphunzira ntchito. Amapalasa kuchokera ku London Bridge mpaka ku Chelsea, makilomita oposa 7, aliyense payekha. Mpaka lero wopambana amamusokera jekete lofiira, pamkono pali chizindikiro chachikulu chasiliva chojambulidwa hatchi ya banja lachifumu la Hanover.