Mchere umene simuuona ndi umene ukukupwetekani

Ndatopa ndi kumva odwala BP akunena monyadira kuti, "Ine ndinasiya kuthira mchere m'chakudya," pamene tsiku ndi tsiku akudya buledi, masoseji, supu wa m'paketi ndi zakudya zongofunika kutenthetsa. Munthu wodalira zakudya zokonzedwa kufakitale sadzithirira yekha mchere wambiri umene umalowa m'thupi mwake, chifukwa anamuthirira kale, ndipo wochuluka sumveka n'komwe palilime.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asafike pa magalamu 5 a mchere pa tsiku, amene ndi pafupifupi kasupuni kamodzi ka tiyi, koma anthu ambiri padziko amadya kuwirikiza kawiri. Pa paketi amakonda kulemba sodium, amene ndi gawo limodzi chabe la mchere, m'malo mwa mchere, choncho muzichulukitsa nambalayo ndi 2.5 kuti mupeze kuchuluka kwa mchere, komanso muziona ngati muyezowo ndi wa magalamu 100 kapena wa paketi yonse.

Zoti makampani sangachepetse mchere poopa kuti katundu wawo sagulidwa, ine sindizivomereza. Ku Britain anauchepetsa pang'onopang'ono m'buledi ndi zakudya zina, ogula osazindikira, mwakuti mchere umene munthu ankadya pa tsiku unatsika kuchoka pa magalamu 9.5 mu 2003 kufika pa 8.1 mu 2011. Dziko la South Africa linachita kuika lamulo lochepetsa mchere m'zakudya zotere, limene linayamba kugwira ntchito mu 2016. Lilime limazolowera m'milungu yochepa chabe.

Komabe chimene chimandisowetsa mtendere ndi bambo wina amene tinamulangiza bwinobwino kuchipatala kwathu, iye n'kukakumana ndi wamalonda amene anamugulitsa mchere wa pinki wa ku Himalaya, amvekere umatsuka magazi. Anauthira mosaumira, anasiya mapiritsi ake a BP, ndipo patapita miyezi ingapo anabwera atanyamulidwa, dzanja ndi mwendo wa kumanja zitafa, pakamwa patapotoka. Mkazi wake anatulutsa kabotolo ka mcherewo m'chikwama kuti atisonyeze kuti ankadzisamalira. Mchere wa pinki ndi wa m'nyanja uli ndi sodium wofanana ndithu ndi mchere wamba.

Ngakhale mchere wosakaniza ndi potaziyamu, umene umathandizadi anthu ambiri, ndi woopsa kwa odwala impso ndi amene amamwa mankhwala ena a BP, motero musaugule musanafunse dokotala amene amakuonani.