Amayi oyamwitsa, mankhwala a chithokomiro musasiye

Amayi amene muli pa levothyroxine chifukwa chithokomiro chanu (kachiwalo ka pakhosi kamene kamapanga homoni yothandiza thupi kuyenda bwino) chimagwira ntchito mofooka, chonde musasiye kumwa poti mukuyamwitsa. Ambiri amaopa kuti mankhwalawa adutsa mu mkaka n'kumupweteka mwana koma ayi ndithu, omwe amafika kubere ndi ochepa zedi komanso ndi homoni yomweyo imene thupi lanu likanapanga lokha. Choopsa ndi kusiya, chifukwa homoniyi ikachepa mkaka nawo umatha kuchepa, kenako apongozi ayambapo zoti mwanayu sakukhuta timpatse kaphala asanakwane n'komwe miyezi 6, pomwe vuto lili pakhosi pa mayi.

Kamwedwe kake ndiye pomwe ambiri amaphonya. Imwani m'mawa mukangodzuka m'mimba mulibe kanthu, ndi madzi basi, mudikire mphindi 30 mpaka ola limodzi musanamwe tiyi kapena kudya. Mapilisi owonjezera magazi aja amapereka kusikelo komanso a calcium osamwera limodzi, pazidutsa maola 4 chifukwa amatchinga mankhwalawa kulowa bwino m'thupi. Phala la soya nalo limachita zomwezo, lisunthireni kumasana.

Ngati anakuwonjezerani mlingo muli oyembekezera, nthawi zambiri amautsitsanso mukachira, koma zimenezo ndi za adokotala osati kudula pilisi nokha kunyumba. Pakatha masabata 6 mutabereka kayezetseni magazi a TSH (oonetsa mmene chithokomiro chikugwirira ntchito), akakutumizani kuchipatala chachikulu pitani ndithu ngakhale thiransipoti ikuvuta.

Palinso amayi ena oti analibe vutoli chibadwire koma chithokomiro chimasokonekera m'chaka choyamba atabereka, pafupifupi mayi mmodzi pa 20 aliwonse. Chovuta n'choti zizindikiro zake zimabisala mu kutopa kwa uchembere, kufooka tsiku lonse ngakhale mwagona bwinobwino, kumva kuzizira anzanu akutuluka thukuta mu Okutobala, kudzimbidwa, khungu kuuma, tsitsi kuthothoka, kunenepa chonsecho simukudya kwambiri, mtima kumangokhala wokhumudwa. Osangoti ndi mwanayu akundigonetsa mochedwa, kanenenni kuchipatala. Ambiri chimabwerera mwakale pakapita miyezi, ena amakhala pa mankhwala mpaka kalekale.

Mchere wapakhomo ukhale wa ayodini ndipo muziusunga m'chitini chotseka, mwana ayodini wake amamupeza mu mkaka wanu ndipo ubongo wake ukumufuna kuti ukule. Okonda kondowole, chinangwa chiziviikidwa mokwanira, chosaviikidwa bwino chimalepheretsa chithokomiro kugwiritsa ntchito ayodiniyo.