Jakisoni wa m'thako: zomwe zili pansi pa khungu, ndi chifukwa chake musabayitse kwa aliyense

Mnyamata wa zaka 6 anabwera ndi agogo ake pa kabaza, patapata imodzi ili kuphazi, inzake ili m'manja. Nditafunsa chifukwa chake sakuivala, agogowo anati, "Ikumangovuka yokha, adokotala. Phazili silikugwira." Ndinamuimika kuti ayende. Akamaponya mwendo wakumanja ankakweza bondo kwambiri ngati akudumpha mzere m'munda, phazi lili lende, zala zikukhwekhwereza pansi. Masabata awiri m'mbuyomo mwanayu anatentha thupi usiku, ndipo poona kutalika kwa chipatala anapita naye kwa bambo wina wa pamsika amene amabaya anthu jakisoni kuseri kwa okala yake. Anamubaya pakati penipeni pa thako. Agogowo amakumbukira kuti mwanayo analira kulira kwachilendo, atagwira mwendo wonse mpaka kuphazi, osati pamene panalowa singano.

Uthengawu ndi wa inu makolo ndi onse osamalira odwala kuno ku Kasungu, makamaka amene muli kutali ndi chipatala, m'maesiteti a fodya ndi m'midzi ya ku Chulu, Santhe, Chamama kapena kwa Kaluluma. Ambirife timayesa thako ndi nyama yokhayokha, yoti singano ingalowe paliponse. Si choncho ayi.

Mmene thako linapangidwira

Pansi pa khungu pali mafuta, ndipo pansi pa mafutawo pali minofu itatu yosanjikizana. Wapamwamba, umene achipatala amautcha gluteus maximus, ndiwo mnofu waukulu kuposa yonse m'thupi la munthu. Poyenda pamalo osalala sugwira ntchito kwenikweni. Mphamvu yake imaoneka mukamadzuka pomwe munanyonyomala, mukamaweramuka pa khasu, mukamakwera chitunda kapena kukankha njinga yosenza matumba a chimanga. Iwiri inayo, gluteus medius ndi gluteus minimus, ili mkati ndi cham'mbali, kumtunda kwa nyonga. Ntchito yake ndi kugwira chiuno kuti chisapendame pamene mwendo umodzi uli m'mwamba poyenda. Ikafooka, munthu amayenda mopendekera mbali imodzi.

Pali mafupa awiri amene mungawakhudze nokha. Khalani pa benchi, mulowetse dzanja pansi pa thako: fupa lolimba limene likukuponderezani zala ndilo timakhalira. Kenako gwirani m'mbali mwa nyonga, pamene pamakhala thumba la thalauza, mumva fupa lina lotumphuka. Pakati pa mafupa awiriwa, mkati mwa nyama, ndi pamene pamadutsa chinthu chimene chandilembetsa uthengawu.

M'Chichewa timangoti mtsempha, koma mitsempha ilipo ya mitundu iwiri. Ina imayendetsa magazi. Ina imanyamula uthenga pakati pa ubongo ndi ziwalo, kuti mwendo usunthe ndiponso kuti mumve mukaponda minga. Mwa mitsempha ya uthengayi, waukulu kwambiri m'thupi lonse ndi wotchedwa sciatic, ndipo mwa munthu wamkulu kunenepa kwake kumafanana ndi chala chachikulu cha kudzanja. Umayambira kumunsi kwa msana, n'kutulukira pabowo la fupa la m'chiuno, pansi pa kamnofu kotchedwa piriformis. Ukatero umatsika m'thako mobisala pansi pa mnofu waukulu uja, n'kudutsa kumbuyo kwa ntchafu. Ukayandikira kuseri kwa bondo umagawika pawiri. Nthambi imodzi imapita ku katumba ndi kunsi kwa phazi. Inzake imazungulira kunja kwa bondo n'kupita ku minofu yotukula phazi ndi zala. Nthambi yachiwiriyi ndi imene imavulala kawirikawiri singano ikalowa polakwika, n'chifukwa chake phazi la mnyamata uja linali lende. Pafupifupi kusuntha konse kwa kumunsi kwa bondo kumadalira mtsempha umodzi womwewu.

M'thako mulinso mitsempha ikuluikulu ya magazi, ndipo pali mankhwala ena, monga benzathine penicillin, amene ndi oopsa akalowa mumtsempha wa magazi m'malo mwa mnofu.

Pamene anesi amabaya

Namwino wophunzira ntchito amagawa thako m'maganizo mwake m'zigawo zinayi, ngati wajambulapo mtanda, ndipo amabaya m'chigawo cha pamwamba chakunja chokha. Ena amasankha m'mbali mwa nyonga, pa mnofu wa gluteus medius, komwe n'kotalikirana kwambiri ndi mtsempha uja. Apa ndi pamene osaphunzira amasokonekera. Iwo amayesa thako ndi pofewa pamene timakhalira. Kuchipatala thako timayamba kuliwerengera pamwamba pa fupa la m'chiuno, pamene amayi amamangira chitenje. Ndiye malo abwino obaya ali pamwamba kwambiri kuposa mmene anthu amaganizira. Ndamvapo odwala akung'ung'udza potuluka kuti, "Anesi aja sadziwa kubaya, andibaya m'chiuno." Anesiwo ndi amene anabaya bwino.

Sindikufotokoza izi kuti muyambe kubayana kunyumba. Kudziwa malo pakokha sikukwanira. Pamafunikanso kudziwa mankhwala ake, mlingo wake malinga ndi kulemera kwa munthu, kutalika kwa singano, ndi chochita ngati mankhwala amuwenga wodwalayo pomwepo.

Mwana wakhanda sabayidwa m'thako. Minofu ya m'thako imakhwima mwana akayamba kuyenda, ndiye mwa khanda imakhala yopyapyala ndipo mtsempha uja uli pafupi ndi khungu. N'chifukwa chake kusikelo katemera wambiri wa makanda amabaya pantchafu, kutsogolo cham'mbali. Ana onyentchera, okalamba ndi odwala amene awonda kwambiri nawonso ali pachiopsezo chomwechi, chifukwa nyama yotchinjiriza mtsempha yatha.

Za kukonda jakisoni

Pali chikhulupiriro chozika mizu chakuti jakisoni ndi wamphamvu kuposa mapilitsi, moti wina akapatsidwa mapilitsi okha amatuluka m'chipatala ali wokhumudwa, n'kukafuna womubaya kumsika. Chikhulupiriro chimenechi chalumaza ana ambiri popanda chifukwa, ndipo chimandiwawa mtima. Malungo amene sanafike poopsa amachira ndi mapilitsi a LA munthu atayezedwa magazi. Malungo akulu, amene mwana amakomoka kapena kulephera kuyamwa, ndi ogonekedwa nawo m'chipatala, ndipo mankhwala ake masiku ano ndi artesunate. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalangiza mu 2011 kuti ana odwala malungo akulu azilandira artesunate m'malo mwa kwinini. Kwinini wobaya amawotcha nyama, ndipo akathiridwa pafupi ndi mtsempha wa sciatic amatha kuuwononga ngakhale singano isanaukhudze.

Alipo majakisoni a m'thako amene ndi ofunikiradi, ndipo musawathawe: wa chindoko, wakulera wa miyezi itatu umene amabaya pamkono kapena m'thako, ndi magnesium sulphate amene amapulumutsa amayi oyembekezera othamanga magazi kwambiri kuti asakomoke. Amenewa alandireni kuchipatala kapena kwa mlangizi wa zaumoyo amene anaphunzitsidwa ntchitoyo. Muli ndi ufulu woona sirinji ndi singano zikutsegulidwa m'pepala lake pamaso panu, komanso kufunsa dzina la mankhwalawo ndi kuona kuti lalembedwa m'kabuku kanu ka kuchipatala.

Kwa wobaya wa kumsika, mtsempha si vuto lokhalo. Singano yakuda imabweretsa chithupsa chamkati chimene chimasunga mafinya mpaka kuchita kung'amba. Singano yobayira anthu angapo imafalitsa HIV ndi matenda a chiwindi a hepatitis B, ndipo kafumbata amalowanso momwemo. Mwana wobayidwa m'thako mobwerezabwereza mnofu wake ukhoza kuuma n'kukhala chipsera, moti akamakula amalephera kunyonyomala mawondo ali pamodzi, amachita kutangadza.

Zikachitika

Jakisoni aliyense amawawa pamalo pobayidwapo tsiku limodzi kapena awiri. Zimenezo si zodetsa nkhawa. Koma ngati singano ikulowa mwamva ululu wonga moto kapena magetsi ukutsetsereka kumbuyo kwa mwendo mpaka kuphazi, nenani nthawi yomweyo, musalimbe mtima poopa kuoneka amantha. Wobayayo ayenera kusiya ndi kuzula singano asanathire mankhwala. Mwana sangafotokoze, ndiye muonereni inuyo: ngati atabayidwa wayamba kutsimphina, kukana kuponda, kukhwekhwereza phazi kapena kudandaula dzanzi, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Chimodzimodzinso pamalo pobayidwa pakatupa, pakatentha, pakamagunda mkati kapena thupi likayamba kutentha.

Mukafika nenani zoona. Ndikudziwa kuti ambiri amabisa poopa kukalipiridwa kapena poteteza wobayayo chifukwa ndi mnansi. Koma ife tikufuna kudziwa tsiku, mbali ya thako imene anabaya ndi mankhwala ake, ndipo ngati kabotolo kake kalipo bwerani nako. Pali chifukwa chinanso chachikulu. Mwendo wa mwana ukafooka mwadzidzidzi tiyenera kutsimikiza kuti si poliyo. Mu February 2022 boma linalengeza kuti mwana wina ku Lilongwe, boma loyandikana nafe, wapezeka ndi poliyo, patatha zaka 30 matendawa asanaonekenso m'dziko muno. Choncho mwana aliyense wosafika zaka 15 amene walobodoka mwendo kapena mkono mwadzidzidzi timamutenga chimbudzi kawiri kuti chikayezedwe, ngakhale banja lonse likukhulupirira kuti ndi jakisoni.

Musateme mphini pamwendopo, ndipo musathowe ndi madzi otentha. Phazi ladzanzi silimva kutentha, limapsa mwini wake osadziwa, ndipo chilonda chake chimachedwa kupola. Chithupsa cha m'thako musachifinye kapena kuchiboola ndi minga, chifukwa mafinya ake amakhala mkati kwambiri.

Mtsempha wa uthenga umachira pang'onopang'ono, pafupifupi milimita imodzi patsiku, ndipo kuchokera m'thako kukafika kumunsi kwa bondo ndi mtunda. Ndiye ndi nkhani ya miyezi, nthawi zina kupitirira chaka. Ena amachira bwinobwino, ena amachira pang'ono, ena phazi limakhala choncho moyo wonse. Chipatala chaching'ono chidzakutumizani ku chipatala cha boma cha Kasungu, kumene a mafupa ndi a mafizo amaona mmene mwendo ulili, ndipo ngati pakufunika thandizo loposa apo amatumiza ku Kamuzu Central ku Lilongwe.

Ntchito yaikulu imakhala kunyumba. Phazi likangosiyidwa lili lende, mtsempha wolimba wa kuseri kwa chidendene umafupika n'kuuma, moti ngakhale mphamvu itabwerera mwanayo amayenda chonyang'ama. Mukhazikeni pamphasa atatambasula mwendo, mugwire chidendene m'dzanja lanu, mukankhire phazi m'mwamba pang'onopang'ono ndi mkono wanu, n'kuligwira choncho kanthawi musanalisiye. Chitani zimenezi kangapo m'mawa, masana ndi madzulo, monga akuonetsereni a mafizo. Akakupatsani chogwiriziza phazi, azichivala monga anenera. M'malo mwa patapata mupezereni nsapato yotseka yomanga zingwe. Madzulo aliwonse musambitseni phazilo ndi madzi amene mwayesa kaye ndi dzanja lanu, muyang'ane kunsi kwake ndi pakati pa zala ngati muli minga, matekenya kapena kachilonda. M'miyezi yozizira ya June ndi July, pamene banja lonse likuwotha moto, iye akhale chapatali, ndipo phazilo lifundidwe ndi nsalu.