Agogo akayamba kuiwala: kupeza nyumba yowasamalira ku Montana

Chigawo cha Montana ku America n'chachikulu kuposa katatu dziko la Malawi, koma anthu okhalamo angopitirira pang'ono 1 miliyoni. Kuchoka m'tauni ya Glasgow, kumpoto chakum'mawa, kukafika mumzinda waukulu wa Billings ndi ulendo wa makilomita oposa 400. Banja likamafunira malo kholo lodwala matenda oiwalaiwala, omwe madokotala amawatcha dementia, mtunda umenewu ndiwo umayamba kulipinga. Ku Wyoming, Nebraska, North Dakota ndi South Dakota zinthu zili chimodzimodzi, kungoti malamulo amasiyanako.

Matendawa si ukalamba wamba, komanso si ufiti monga ena kwathu amanamizira agogo opezeka usiku pakhomo pa eni atasokonezeka. Ubongo ndiwo umawonongeka pang'onopang'ono, ndipo bungwe la WHO limati mwa odwala 10 alionse, 6 kapena 7 vuto lawo ndi mtundu wa matendawa wotchedwa Alzheimer's. Komabe musanafunse za nyumba, dokotala ayambe wawayeza. Kuchepa kwa vitamini B12, chithokomiro chofooka, matenda a m'chikhodzodzo, ngakhale mankhwala omwe akumwa, zimatha kusokoneza mutu wa munthu wokalamba, ndipo zimenezi zimachizika.

Malo otchedwa memory care amasiyana ndi nyumba wamba ya okalamba. Zitseko zotulukira panja zimatsegulidwa ndi nambala, bwalo lake ndi lotchingidwa, ndipo antchito amaphunzitsidwa kulankhula ndi munthu yemwe akukana kusamba kapena akufuna "kupita kwathu" chonsecho ali m'chipinda chake. Chitseko chotsekacho si nkhanza. Bungwe la Alzheimer's Association limati odwala 6 mwa 10 tsiku lina amatuluka n'kusochera. Ku Montana, komwe mu Januwale kuzizira kumatha kufika madigiri 30 pansi pa ziro, gogo wotuluka usiku atangovala zogonera sangaone m'mawa.

Malo ambiri oterewa ali m'gulu la assisted living, nyumba zothandiza okalamba pa zofunika za tsiku ndi tsiku, lomwe limayang'aniridwa ndi boma la chigawo. Ku Montana ziphaso zake zili m'magulu, ndipo cholola kusunga anthu omwe mutu wasokonezeka kwambiri ndi Category C. Pemphani kuchiona ndi maso anu. Nursing home ndi ina: kumakhala anamwino usana ndi usiku, imatsatira malamulo a boma lalikulu la ku Washington, ndipo pa tsamba la pa intaneti la Medicare, inshuwalansi ya boma ya okalamba, lotchedwa Care Compare imapatsidwa nyenyezi kuyambira imodzi mpaka zisanu. Ambiri sadziwa kuti nyenyezizo sizikhudza assisted living. Malipoti a oyendera malo amenewo mumawafunsa ku dipatimenti ya zaumoyo ya chigawo, ku Helena.

Vuto la kumidzi ndi loti memory care zaunjikana m'mizinda yowerengeka: Billings, Missoula, Bozeman, Great Falls, Kalispell ndi Helena. Zomwe zinalipo m'matauni ang'onoang'ono nazo zikutha. M'chaka cha 2022 chokha nursing home zoposa 10 zinatsekedwa ku Montana chifukwa chosowa antchito, komanso ndalama zomwe Medicaid, thandizo la boma la zachipatala kwa anthu osauka, inkapereka sizinkakwana kuyendetsera ntchito. Choncho mukamva kuti pamalo pena pali bedi lopanda munthu, musafulumire kukondwa. Nthawi zambiri bedilo lilipodi, koma palibe womusamalira wogonapo.

Pali khomo lina lomwe mabanja amalidumpha. Tizipatala ta kumidzi totchedwa Critical Access Hospital, tomwe sitipitirira mabedi 25, timaloledwa kugwiritsa ntchito ena mwa mabediwo posamalira odwala a nthawi yaitali. Amawatcha swing bed. Simupezamo dimba la maluwa kapena chipinda choimbiramo nyimbo, ndipo wodwala wokonda kuyendayenda mwina sangamulandire poti zitseko sizitsekedwa. Koma kwa gogo yemwe miyendo yafooka, malowa amatha kukhala abwino kwambiri.

Maganizo anga pa nkhani ya mtunda ndi awa, ndipo anzanga ena a zaumoyo angatsutse. Malo osaoneka bwino omwe mungafikeko katatu pa sabata amaposa malo okongola omwe mungafikeko kamodzi pa miyezi iwiri. Munthu wa matendawa sangadandaule yekha. Sangakuuzeni kuti wayamba chilonda pamsana, kapena kuti mano ake oikirira anasowa n'chifukwa chake sakudya. Amene amaona zimenezi ndi mwana wake wobwera pafupipafupi, ndipo antchito nawo ndi anthu, amatchera khutu pa wodwala yemwe abale ake sasowa. Nyengo ya chipale misewu imatsekedwa, ulendo wa maola anayi n'kusanduka wa mwezi wamawa. Pokhapokha ngati wodwalayo akuthawathawa kapena akumenya anthu, m'pamene ndinganene kuti pirirani mtundawo, apite kumene kuli akatswiri.

Tsopano za ndalama, pomwe mabanja ambiri amagwa mphwayi. Medicare, inshuwalansi ya boma ya anthu a zaka 65 kupita m'tsogolo, silipira chisamaliro cha nthawi yaitali. Imalipira masiku osapitirira 100 mu nursing home, munthu akachokera kuchipatala komwe anagonekedwa masiku atatu, basi. Memory care nthawi zambiri imadya madola oposa 5,000 pamwezi, kuchokera m'thumba mwanu. Medicaid ndiyo imalipira nursing home, koma kwa munthu yemwe chuma chake chatsala pang'ono kutheratu, pafupifupi madola 2,000 kwa wosakwatira m'zigawo zambiri. A Medicaid amafufuzanso chuma chomwe munthu anapatsa ena m'zaka 5 zam'mbuyo, kotero kulembetsa nyumba kapena munda m'dzina la mwana dzulodzuloli kumangochedwetsa thandizo. Ku Montana kulinso ndondomeko ya Big Sky Waiver yothandiza kulipira chisamaliro mu assisted living, koma lendi ndi chakudya mumalipira nokha, ndipo pamakhala mndandanda wodikira. Funsani msanga ngati malowo adzawasungabe ndalama zanu zikadzatha n'kulowa pa Medicaid, chifukwa ena amakana.

Inu amene munaitanitsa mayi kapena bambo kuchokera kumudzi, dziwani kuti wobwera pa viza yongocheza sapeza thandizoli. Ngakhale wa green card, kawirikawiri amadikira zaka 5. Palinso nkhani ya chilankhulo. Matendawa akamakula, chilankhulo chomwe munthu anaphunzira atakula chimayamba kuthawa, n'kutsala cha kumtundu. Mayi yemwe anaphunzitsa Chingerezi moyo wake wonse atha kumapempha madzi m'Chichewa, antchito n'kumalemba kuti akungobwebweta. Alembereni antchitowo mawu ochepa ofunika pa pepala, muwamate pafupi ndi bedi.

Poyambira kufufuza pabwino ndi Eldercare Locator, pa 1-800-677-1116, omwe amakulumikizani ndi ofesi ya Area Agency on Aging ya dera lanu. Mufunsenso nambala ya ombudsman, mkulu womva madandaulo a okhala m'nyumbazi, yemwe amadziwa malo omwe anthu amawadandaula kawirikawiri. Makampani a pa intaneti omwe amati akupezerani malo kwaulere amalandira ndalama kuchokera ku nyumba zomwe akutumizaniko, ndiye sangakutchulireni zonse.

Mukapita kukaona malo, pitaninso kachiwiri osapangana, chakumadzulo, poti odwala ambiri amavuta dzuwa likamalowa. Werengani antchito omwe alipo, mufunse kuti usiku amatsala angati. Funsani kuti ndi khalidwe lanji lomwe lingachititse kuti akuuzeni kuti dzatengeni munthu wanu. Funsaninso za mankhwala ogonetsa. Mu 2005 bungwe loona za mankhwala ku America la FDA linachenjeza kuti mankhwala ena a misala amaonjezera chiopsezo cha imfa kwa okalamba a dementia, choncho mukapeza anthu ambiri akusinza pa mipando masanasana, mufunse chifukwa chake.

Chikalata cha power of attorney, chopatsa wachibale mphamvu pa ndalama ndi pa zachipatala, chisainidwe gogo akadali wozindikira zomwe akusaina. Mukachedwa, nkhaniyo imakathera kukhoti, ndipo maloya amadya ndalama zomwe zikanalipira miyezi ingapo ya chisamaliro.