Makina oyankha mafunso pa WhatsApp ya bungwe lathu la maliro: zimene mwakhala mukufunsa

Chiyambireni kugwiritsa ntchito makinawa, mzere pa ofesi yathu ku Mbare, mu mzinda wa Harare ku Zimbabwe, sunachepe monga tinkayembekezera. Ambiri mukubwera foni ili m'manja kudzationetsa zimene munauzidwa.

Kodi ndi munthu amene amandiyankha pakati pa usiku?

Ayi, ndi pulogalamu ya kompyuta.

Nanga mayankho imawatenga kuti?

Imaduladula funso lanu m'tizidutswa ta mawu n'kutisandutsa manambala. Ndi manambalawo imafufuza m'malamulo a bungwe amene tinaikamo, kuti ipeze ndime zoyandikana ndi zimene mwafunsa. Ndimezo zimapita ku gawo lolemba, la mtundu wa ChatGPT, makina oyankha mafunso aja anatuluka mu Novembala 2022. Gawoli limalumikiza yankho pang'onopang'ono, poyerekeza mawu amene angatsatire pa amene lalemba kale.

Inandiuza kuti ndilandira ndalama za maliro a malume anga, koma ofesi yakana. Wolakwa ndani?

Apa ndiye pavuta, ndipo tikupepesa mabanja amene zawaonekera ali m'chisoni. Pulogalamuyi siona kaundula wa zopereka. Sidziwa ngati mwezi watha munalipira, kaya m'madola kaya mu ZiG (ndalama ya dziko la Zimbabwe), ndipo sidziwa ngati malumewo munawalembetsa. Ikapeza ndime yonena za achibale, ikhoza kulemba "inde" wosalala bwino osaona ndime ina yonena za nthawi yodikira. Nthawi zina ikasowa ndime yoyenera imangopeka, ndipo bodzalo limamveka molimba mtima ngati zoona. Vutoli lili ndi makina onse a mtunduwu, si athu okha.

Choncho yankho la pa foni si lonjezo la bungwe. Komabe sitikunena kuti aliyense wokanidwa walakwitsa. Ngati muli ndi uthengawo, musaufufute. Bwerani nawo pamodzi ndi malisiti, komiti idzaona nkhani iliyonse payokha. Sitingalonjeze kuti chigamulo chidzasintha.

Bwanji ndikalemba Chichewa imayankha zosokonekera?

Tivomere, Chingerezi imachimva bwino kuposa chathu. Makinawa amaphunzira kuchokera ku zolembedwa, ndipo za Chichewa pa intaneti n'zochepa. Tsono ife a ku Mufakose ndi ku Dzivarasekwa muno mu Harare timasakaniza ndi Chishona m'chiganizo chimodzi, wina "sekuru", wina "malume", makina n'kubalalika. Lembani funso limodzi lalifupi.

Kodi makinawa athandizapo?

Kwambiri. Za nthawi yotsegulira ofesi ndi mapepala oyenera kubweretsa, amayankha bwino ngakhale Lamulungu.

Ndingatumizeko chithunzi cha chitupa changa kapena kalata ya imfa?

Musatero. Mauthengawo amakakonzedwa pa makompyuta a kampani ina, osati mu ofesi muno. Mapepala bweretsani pamanja kwa alembi.